Mafunso ndi mayankho: kusankha firiji, kuka ndi zipangizo zina pokonzanso khitchini ku Mangochi

Awa ndi mafunso omwe amabwera kawirikawiri kuchokera kwa anthu amene akugumula khitchini yakale kapena kumalizitsa nyumba yatsopano kuno ku Mangochi, kaya ndi pa Boma, ku Namiasi, ku Makawa, ku Monkey Bay ngakhale kumtunda ku Namwera. Mitengo sindinaiikemo dala. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo womwe mwauzidwa lero suchedwa kusintha, ndiye kuulemba pano n'kukunamizani chabe. Zomwe sizisintha ndi kutentha kwa kuno, magetsi athu ndi zakudya zomwe timaphika, ndipo mayankhowa atsamira pamenepo.

Ndiyambe ndi chiyani, makabati kapena zipangizo?

Zipangizo. Ambiri timachita mozondoka: timaitana kalipentala, kumuonetsa chithunzi cha pa Facebook, iye n'kukhoma makabati okongola kuzungulira chipinda chonse, n'kusiya kampata kongoyerekeza ka firiji. Firijiyo ikafika, yatalika ndi zala zitatu. Kapena yalowa ndithu, koma chitseko chake chikugunda khoma, moti madirowa a ndiwo zamasamba sakutuluka. Apo ndiye poyambira kucheka kabati yatsopano ndi sowo.

Sikuti mugule zonse tsiku limodzi ayi. Chofunika n'kudziwa chenicheni chomwe mudzagule n'kulemba miyeso yake papepala. Makuka ambiri oima paokha ndi a masentimita 50 kapena 60 m'lifupi, akuluakuluwo 90. Kauntala nthawi zambiri imakhala masentimita 90 kuchokera pansi ndi 60 kuchoka kukhoma. Mafiriji okha ndiwo alibe muyeso umodzi. Pepalalo alione kalipentala, wamagetsi ndi pulambala asanagwire chitsulo chilichonse, chifukwa mawaya ndi mapaipi amayenera kulowa m'khoma matailosi asanamatidwe. Yezaninso makomo ndi pokhotera ponse pomwe katunduyo adzadutse. Firiji ya zitseko ziwiri zoyang'anizana imakhala masentimita 90 kapena kuposa, imalowa pakhomo cham'mbali, ndipo pakakhala pokhotera popapatiza imagonera pakhonde.

Kodi firiji iliyonse ya m'sitolo ingapirire kutentha kwa kuno?

Ayi, ndipo ndikanakonda anthu atamafunsa zimenezi asanafunse ngati ilipo yasiliva. Firiji iliyonse inapangidwira nyengo yake, ndipo izi zimalembedwa pa kapepala komatidwa mkati cham'mbali kapena kumbuyo, pa mzere wolembedwa kuti Climate class. Mukaona N kapena SN, firijiyo inapangidwa kuti izigwira bwino ntchito m'chipinda chotentha mpaka madigiri 32 basi. ST imafika 38. T imafika 43. Zina zimalembedwa SN-T kapena N-T, ndiye kuti nazo zimafika 43.

Tsono taganizani za khitchini ya kwa Mpondasi mu Okutobala kapena Novembala, dzuwa lili paliwombo, denga la malata lopanda siling'i, pamoto pali nyemba. Panja pokha pamapitirira madigiri 35, nanji mkatimo. Firiji ya N m'chipinda chotere siifa tsiku lomwelo. Imangolira osapuma, kumadya mayunitsi, madzi akumwa osazizira bwinobwino, mpaka kompuresa, injini ya firijiyo, itatopa nthawi yake isanakwane. Mwini wake n'kumanyoza kampani kuti imapanga zachabechabe, chonsecho firijiyo inali ya kumalo ozizira. M'mbali mwa nyanja, ku Malombe ndi motsatira Shire, gulani ya T. Ku Namwera, komwe n'kokwera ndi kozizirirapo, ST ikhoza kukwana, koma ngati mitengo siyikusiyana kwambiri tengani T yomweyo.

Wogulitsa mwina sanamvepo za zilembozi. Tsegulani chitseko, weramani, muwerenge nokha. Mbewa yamanyazi inafera kuuna.

Poiika napo m'pofunika. Firiji imatayira kutentha kumbuyo kapena m'mbali mwake, n'chifukwa chake mukaigwira m'nthiti mumamva kufunda, ndipo kumeneko si kuwonongeka. Isiyireni mpata wa masentimita 5 mpaka 10 kumbuyo, ndi mpata wina m'mbali ndi pamwamba. Isagundane ndi kuka, ndipo dzuwa lolowera pawindo lisamaiwombe.

Ndigule firiji imodzi yaikulu, kapena yapakatikati ndi firiza yapadera?

Kwa banja lomwe limagula nsomba zambiri nthawi imodzi kudoko, kapena kupha mbuzi pa Eid ndi pa Khirisimasi, ndimasankha firiji ya malita 250 mpaka 350 kuphatikiza firiza yogona, ija yotsegulira pamwamba. Mpweya wozizira umalemera. Mukatsegula firiza yogona umatsala momwemo, pomwe m'yoimirira umakhuthukira kumapazi nthawi iliyonse mwana akatsegula. Ndiye magetsi akathima yogonayo imakhalitsa isanasungunuke. Palinso nkhani ya fungo: chambo ndi kampango zikakhala kwazokha, madzi akumwa ndi majarini sizinunkha nsomba. Ndipo chimodzi chikafa muli ndi pothawitsira ndiwo.

Kuipa kwa yogona n'koti zapansi zimaiwalika miyezi, imadya malo, komanso imaundana ayezi woti muzisungunula. Posungunulapo musagobe ndi mpeni, ndapota nanu. Timapaipi ta gasi timadutsa kuseri kwa khoma lopyapyalalo, ndipo mafiriji ambiri a masiku ano ali ndi gasi wa R600a, yemwe amayaka. Zimitsani, tsegulani, ikanimo beseni la madzi ofunda, ayeziyo agwa yekha.

Ngati cholinga ndi geni ya mafirizesi, ayezi kapena thobwa lozizira, geniyo ikhale ndi firiza yakeyake. Mabotolo ofunda olowa tsiku ndi tsiku amafewetsa nyama yomwe ili pambali pake.

Magetsi akathima, chakudya chimakhala nthawi yaitali bwanji? Nanga firijiyo ndiiteteze bwanji?

Firiji imayenera kukhala pa madigiri 4 kapena kutsikirapo, firiza pa -18. Mukapanda kutsegula, firiji imasunga chakudya pafupifupi maola 4, firiza yodzaza pafupifupi maola 48, yatheka maola 24. M'nyengo yotentha kuno chotseraniko. Firiza ikakhala ndi malo, dzazanimo mabotolo a madzi, osafikitsa kukamwa chifukwa madzi akaundana amatupa. Mabotolo amenewo ndi omwe adzakupulumutsireni nsomba. Nsomba yomwe yasungunukiratu mpaka kufunda musaiumitsenso. Ngati ikadali bwino iphikeni lomwelo, ngati yayamba kafungo itayeni.

Chomwe chimapha mafiriji si kuthima kwa magetsi koma kubwera kwake. Amabwera ndi mphamvu yopitirira, kapena ofooka mababu akungofiira, kapena kuyaka n'kuthimanso pakangopita timphindi. Kompuresa ikakakamizidwa kudzuka isanapume imatentha. Fridge guard, kachipangizo kolowetsa pakati pa soketi ndi pulagi, imadula magetsi akakwera kapena kutsika kwambiri, ndipo akabwera imayamba yadikira mphindi zitatu mpaka zisanu. Firiji yake, firiza yake, ndipo chilichonse chikhale pa soketi yapakhoma, osati pa ekisitenshoni yogawana ndi ketulo. M'dzinja ziphaliwali zikachuluka, kuzula pulagi kumateteza kuposa chipangizo chilichonse.

Kuka yamagetsi kapena ya gasi?

Musadalire moto umodzi. Magetsi athu ambiri amapangidwa ndi madzi a Shire yemweyu amadutsa pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi, kumunsi uko ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo amene anali ndi kuka yamagetsi yokhayokha anabwerera ku makala. Gasi naye amasowa nthawi zina, pakuti ndi wochokera kunja ndipo amalira ndalama zakunja. Choncho kuka yosakaniza, mapuleti ena a gasi ena amagetsi, ndi yomwe imagwirizana ndi moyo wa kuno. Mukhozanso kugula ya gasi yokhayokha n'kusunga hotipuleti m'kabati.

Pa ndalama, werengani motere. Yuniti imodzi ya ESCOM ndi chipangizo cha mawati 1,000 chitayaka ola lathunthu. Puleti yaikulu ya kuka ndi ya mawati 1,500 mpaka 2,000, uvuni 2,000 kapena kuposa. Kilogalamu imodzi ya gasi ili ndi moto wofanana ndi mayunitsi 13 ndi kanthu, koma pafupifupi theka limathawira m'mbali mwa poto. Mongoyerekeza, kilogalamu ya gasi imaphika zomwe mayunitsi ngati 10 angaphike pa puleti yachitsulo. Tengani mtengo wa kilogalamu ya gasi, muuyerekeze ndi wa mayunitsi 10, muona chotsika mtengo mwezi umenewo. Mitengo yonse iwiri imadutsa ku MERA, bungwe loyang'anira za magetsi, mafuta ndi gasi, ndipo imasinthasintha, ndiye masamuwo muzibwereza.

Musanagule ya gasi, dziwani komwe muzikadzazitsa, ndiponso ngati amalandira silinda ya kampani yomwe mukufunayo. Masilinda awiri a makilogalamu 9 amaposa imodzi ya 19: imodzi ikatha nsima ili pamoto mumangosintha, ndipo yotherayo imakwera kabaza bwinobwino. Ya 48 ndi ya malo odyera ndi ogona alendo.

Uvuni wamagetsi umapsereza mofanana mbali zonse, koma keke imafwamphuka magetsi akathima pakati. Amene amaphika masikono ndi makeke a malonda ndi bwino atenge uvuni wa gasi n'kuuzolowera.

Chinthu china chomwe si chachikulu koma chimasintha masamu onsewa ndi poto wa pulesha wamagetsi. Ndi wa mawati ngati 1,000, ndipo akagwira mphamvu amangoyaka mwa apo ndi apo. Nyemba zouma zomwe zimatha maola awiri kapena atatu pa puleti iye amazipsetsa m'ola limodzi kapena kucheperapo, osamaliza ngakhale yuniti imodzi. Nyama yolimba ya ng'ombe, nandolo wouma, chingowe, chimodzimodzi. M'nyumba yomwe nyemba sizisowa pa sabata, ndimamuika patsogolo pa mayikulowevu.

Koma gasi si woopsa? Kunyumba akukana.

Mantha awo si opanda pake, koma ngozi zambiri zimachokera ku zinthu zopeweka. Gasi wophikira amalemera kuposa mpweya. Akadontha sakwera kudenga, amayenderera pansi n'kudzazana m'malo otsika ndi otsekeka. Pokonzanso khitchini ndiye nthawi yabwino yomangira silinda kanyumba kake panja, pamthunzi, kolowa mphepo, kokhoma ndi loko, paipi n'kudutsa pakhoma. Ikakhala m'kabati, kabatiyo ikhale ndi mabowo m'munsi. Silinda iziima chilili nthawi zonse.

Mukasintha silinda, pakani thovu la sopo pa regulator, kachipangizo ka pamutu pa silinda, ndi polumikizira paipi. Likamatukumuka ndiye kuti pakudontha. Osayesa ndi machesi. Mukamva fungo la gasi tsekani silinda, tsegulani zitseko ndi mawindo, ndipo musakhudze switchi iliyonse, kaya kuyatsa kaya kuzimitsa. Paipi ya labala muziiyendera, chifukwa imachita ming'alu ndi kutentha ndipo makoswe amaitafuna. Lawi labwino ndi labuluu. Likamafiira n'kumadetsa mapoto, mutu wa puletiyo watsekeka kapena mpweya sukulowa bwino.

Ngati thumba likulola, funsani kuka yomwe imadula gasi yokha lawi likazima. Phala likasefukira, kapena mwera ukalowera pawindo mu Julaye, lawi limazima mwakachetechete mwini wake ali panja.

Makuka agalasi aja ndi okongola. Nsima ingatheke pamenepo?

Itheka, koma taonani kaye momwe nsima imaphikidwira kwanu. Nsima ya anthu asanu ndi atatu sithyakulidwa mwaulemu. Dzanja limodzi lapanikiza sefuliya ndi kansanza, linalo likukoka mthiko ndi mphamvu zonse, sefuliyayo ikugwedezeka n'kumakhukhuluzika. Pagalasi zimenezi zimasiya mikwingwirima, makamaka kunsi kwa poto kukakhala timchenga, ndipo kuno mapoto ambiri amakwechedwa ndi mchenga womwewo. Poto wolemera akapulumuka m'manja galasi limang'aluka, ndipo lina lolowa m'malo mwake silipezeka pa Boma. Mapoto omwe anakhalapo pamafuwa kapena pambaula amakhala opindika kunsi, sakhazikika pagalasi, motero moto umangowonongeka.

Ya induction ili ndi vuto linanso. Imatenthetsa poto ndi maginito, ndiye poto yemwe maginito sakakamira sagwira ntchito. Masefuliya athu ambiri ndi a aluminiyamu, kuphatikizapo aja oumbidwa ndi amisiri a pamsika. Tengani kamaginito muyese kunsi kwa mapoto onse a m'nyumba mwanu. Ngati sikakukakamira, pamtengo wa kukayo onjezanipo mtengo wa mapoto atsopano. Chilungamo chake, induction imafulumira, imasunga mayunitsi ndipo siwotcha chipinda, zomwe kuno si zazing'ono. Koma mkati mwake muli zamagetsi zosachedwa kupsa mphamvu ikamasinthasintha. Ine ndingagule ya puleti imodzi yonyamula m'manja, ya tiyi ndi ndiwo, nsima n'kuisiyira gasi wokhala ndi zogwirizira poto zachitsulo chochindikala. M'sitolo momwemo zigwedezeni zogwirizirazo. Zikakhala za tiwaya topyapyala, sefuliya yaikulu idzazipinda.

Ndiye mbaula tiitaye?

Ayi. Pa ukwati, pa sadaka kapena pamaliro palibe kuka yomwe inganyamule mapoto amenewo, ndipo chambo chootcha ndi mondokwa zimafuna makala. Ingoikonzerani malo ake panja, pakhonde lofolera koma lolowa mphepo, pafupi ndi khomo la khitchini. M'khitchini yatsopano yotsekeka bwino mbaula isalowe: makala amatulutsa mpweya wakupha womwe suoneka ndipo sununkha. Kumbukiraninso kuti lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020, ndipo makala opanda chilolezo ndi mlandu. Pa nkhuni, chitetezo mbaula imadya zochepa kuposa mafuwa.

Mawaya a nyumba yanga ndi akale. Angakwanitse?

Apa ndi pomwe anthu amaumira, chonsecho ndi pomwe nyumba zimapsera. Soketi wamba ya mapini atatu, yomwe pulagi yake ili ndi fyuzi ya 13A, imanyamula mawati pafupifupi 3,000. Kuka ya mapuleti anayi ndi uvuni, zonse zikayaka, imakoka mawati 6,000 mpaka 10,000. Imafuna waya wakewake wochokera ku bokosi lalikulu, kawirikawiri wa 6mm², breaker yake ya 30A kapena 32A, yodula magetsi akachuluka, ndi switchi yake pakhoma cham'mbali, osati pamwamba pa mapuleti pomwe dzanja lingadutse pamoto. Wina akakuuzani kuti angoilumikiza ku soketi ya pafupi, m'bwezeni.

Itanani wamagetsi wokhala ndi chiphaso cha MERA, ndipo aonenso waya wa earth, womwe umathawitsira pansi magetsi odontha. Firiji kapena kuka yomwe imakunyerenyetsani mukaigwira ndi manja onyowa ikukuuzani kuti earth palibe. Masoketi a pamwamba pa kauntala achuluke kuposa momwe mukuganizira, atalikirane ndi sinki. Ketulo yokha ndi mawati ngati 2,000, ndiye ikakumana ndi mayikulowevu pa adaputala imodzi pulasitiki imasungunuka.

Ndili ndi sola. Ingayendetse chiyani m'khitchini?

Firiji ndi firiza, ngati sola yake inawerengedwa bwino. Firiji yapakatikati imakoka mawati 100 mpaka 200 ikamayenda, koma podzuka kompuresa imakoka kangapo kuposa apo kwa kamphindi, ndipo inverter, chipangizo chosintha magetsi a m'batire kukhala a m'nyumba, ikakhala yaing'ono imangolira n'kuzima. Mafiriji olembedwa kuti inverter amadzuka pang'onopang'ono ndipo amadya mochepa, ndiye ndi omwe amagwirizana ndi mabatire. Inverter ya nyumbayo ikhale ya pure sine wave, zinazo zimatenthetsa mota. Musaiwale kuti firiji imagwira ntchito usiku wonse dzuwa kulibe, choncho nkhani yagona pa mabatire, osati mapanelo okha.

Chilichonse chotenthetsa, kaya kuka, uvuni, ketulo kapena giza, chimafuna sola yaikulu ya ndalama zambiri. Sola ikhale ya firiji ndi magetsi ounikira, gasi akhale wophikira. Giza ya khitchini kuno ndi kutaya ndalama. Theka la chaka madzi a pampopi amatuluka ofunda kale.

Achimwene ali ku Joni akufuna kunditumizira. Ndivomere? Nanga za kaunjika?

Kuno makomo ambiri ali ndi m'bale ku Johannesburg, Durban kapena Cape Town, ndiye funsoli silisowa. Magetsi a ku South Africa ndi ofanana ndi athu, 230V ndi 50Hz, choncho katunduyo agwira ntchito. Chosiyana ndi pulagi: yawo ndi ya mapini atatu obulungira, yathu ndi ya mapini amakona. Musaikakamize m'soketi ndi kamtengo, ndipo musadalire adaputala yotchipa, yomwe imagwedera n'kumatentha. Wamagetsi aidule aikepo yathu ya fyuzi. Auzeni achimwenewo za chilembo T chija asanalipire. Muwerengerenso ndalama ya transipota, msonkho wa MRA pachipata cha Mwanza kapena Dedza, ndi zoti waranti nthawi zambiri imagwira m'dziko lomwe katundu anagulidwa. Zonse zikaphatikizidwa, nthawi zina kutumiza ndalama kuti mugule ku Blantyre kumaposa.

Za ku America ndi za 120V, za ku Japan 100V. Mukazilowetsa m'soketi yathu popanda transifoma zimapsa nthawi yomweyo, ndiye zisiyeni. Za ku UK pulagi ndi yofanana ndi yathu, koma firiji yake iwerengeni chilembo, pakuti zambiri zinapangidwira kozizira. Kuka ya gasi yochokera kumeneko kawirikawiri imakhala yokonzedwera gasi wa m'mapaipi a mumzinda, osati wa m'silinda. Timajeti take timayenera kusinthidwa, apo ayi lawi limakhala lalitali, lofiira ndi loopsa.

Firiji ya kaunjika musaigule isanayake maola angapo inu mukuona, mpaka madzi a m'kapu ataundana. Panikizani kapepala ndi chitseko n'kukakoka: kakatuluka mosavuta, labala yatha. Suzumirani kumbuyo. Mapaipi akaoneka owotcherera, inadonthapo gasi, ndipo yodontha imabwereza. Yolembedwa R12 ndi yakalekale, gasi wakeyo analetsedwa.

Ndi dzina liti lomwe ndi labwino?

Defy, KIC, Hisense, Samsung, LG, onsewa ali ndi zabwino ndi zapakatikati. Funso lothandiza ndi lina: chikawonongeka, akonza ndani, ndipo sipeya ichokera kuti? Musanapite kusitolo, dutsani kaye kwa amisiri awiri okonza mafiriji pa Boma. Afunseni kuti ndi ati omwe amabwera kawirikawiri ndi vuto lanji, ndipo ndi ati omwe zipangizo zake zimapezeka msanga. Firiji yokhala ndi sikirini pachitseko ndi makina opangira ayezi ili ndi bolodi yomwe ikapsa mudikira miyezi. Ya kabatani kozunguza kamodzi m'misiri aliyense amaidziwa.

Chokokera utsi pamwamba pa kuka n'chofunika?

Kwa okazinga usipa, utaka ndi mcheni pafupifupi tsiku lililonse, inde, koma chikhale chotulutsira utsi kunja kudzera pa paipi. Chija chongosefa n'kubwezera mpweya m'chipinda momwemo sichichotsa kutentha kapena nthunzi, ndipo masefa ake osinthira n'ngovuta kupeza. Chimakhala masentimita 65 mpaka 75 pamwamba pa mapuleti, ndipo kukamwa kwa paipi kunjako kukhale sefa ya waya kuti makoswe ndi mbalame zisalowe. Ndalama zikachepa, fani yokokera mpweya yapakhoma ndi mawindo awiri oyang'anizana zimagwira ntchito yomweyo pamtengo wochepa.

Makina otsukira mbale? Nanga ochapira zovala?

Otsukira mbale ndimawaika kumapeto kwenikweni. Madzi sadya ambiri, malita 10 mpaka 15 pa ulendo, koma amafuna sopo wakewake, madzi amphamvu ndi magetsi osadukiza kwa ola kapena awiri, ndipo nkhoko za nsima sazitha. Sinki ya mabeseni awiri akuya, momwe sefuliya ingalowe yonse, idzakuthandizani kwambiri.

Ochapira zovala, ngati muwaike m'khitchini kapena pambali pake, yang'anani kaye madzi anu. Odziyendetsa okha amafuna mpopi wamphamvu. Ngati madzi a Southern Region Water Board amafika mofooka kwanuko, kapena mumadalira thanki yomwe ili m'munsi, makinawo azingoima pakati pa ntchito. A migolo iwiri mumathira ndi ndowa, magetsi akathima mumatulutsa zovala n'kumaliza pamanja, ndipo kukonza kwake n'kosavuta. Madzi a m'mijigo ina ndi amchere, amaundana m'timapaipi ndi pa chotenthetsera.

Zomangirira m'makabati kapena zoima pazokha?

Uvuni wolowa m'kabati ndi mapuleti olowa m'kauntala zimaoneka bwino, ndipo mphemvu zimasowa mipata ya m'mbali. Koma chikafa muyenera kupeza china cha muyeso womwewo, ndipo matabwa oumba aja salimba akamatenthedwa n'kumanyowa. Kuka yoima payokha mumaikoka, kusesa kuseri, kuikweza pa galimoto kupita nayo kwa m'misiri. M'nyumba ya lendi palibe chokambirana: yoima payokha.

Kaya musankhe ziti, tsekani mabowo onse omwe mapaipi ndi mawaya alowera. Makoswe amakonda thonje la m'mbali mwa uvuni ndipo amadya mawaya, mphemvu zimamanga pofunda pa kompuresa ndi mu mayikulowevu. Firiji ndi firiza zikhale pa kachiunda ka simenti ka masentimita ngati 10, kuti madzi okolopera asadye kunsi ndi dzimbiri. Amene ali m'mphepete mwenimweni mwa nyanja ndipo anaona momwe madzi anakwerera mu 2024, akweze kuposa apo, masoketi omwe.

Ndikagula ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ndinyamule bwanji?

Kuchokera ku Blantyre kudzera ku Zomba ndi Liwonde ndi makilomita pafupifupi 190, ndipo mabampu ndi maenje sasowa. Firiji iyende chilili, yomangidwa bwino, makatoni ake osachotsa, mashelefu agalasi atakulungidwa padera. Ikagonekedwa, oyilo wa mu kompuresa amalowa m'mapaipi. Ikafika isiyeni chiimire maola angapo musanayatse, ndipo ngati inayenda chogona, tsiku lathunthu.

Musanachoke m'sitolo aitsegule muione, aiyatse muimve. Lisiti likhale ndi dzina la sitolo, tsiku, mtundu ndi nambala ya chipangizocho, ndipo mulijambule pafoni chifukwa inki yake imafufutika ndi kutentha. Funsani mwachindunji: chikafa mkati mwa waranti, m'misiri abwera ku Mangochi kapena ndidzachinyamule ndekha? Kupsa ndi magetsi kuli momwemo? Kawirikawiri sikukhalamo. Wogulitsa akakana zomwe analonjeza, madandaulo amapita ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe loona kuti malonda azichitika mwachilungamo, ndipo choyamba kufunsidwa kumeneko ndi lisiti.

Ndalama sizikukwana zonse. Ndiyambe ndi chiti?

Mawaya ndi mapaipi, chifukwa zimenezo kubwerera n'kugumula matailosi. Kenako firiji ya T ndi fridge guard yake, kenako moto. Kasitovu ka gasi ka mapuleti awiri koika pa kauntala kangakusungeni chaka mukusonkhanitsa ya kuka yeniyeni, bola kalipentala asiyiretu mpata wa masentimita 60. Zitseko za makabati zikhoza kudikira, katani imabisa mapoto bwinobwino.

Firiji yakale ndiitani?

Ngati ikugwira ntchito koma ndi yakalekale, musaisunge yoyaka ku sitolo ya kuseri chifukwa cha mabotolo atatu a madzi. Imadya mayunitsi kuposa yatsopanoyo. Igulitseni kwa amisiri, iwo amachotsamo zofunika. Ngati yaferatu ndipo mukufuna kusungiramo ufa kapena mpunga, gulutsani chitseko kapena chotsani chokowera chake, makamaka firiza yogona. Ana posewera chibisalirano amalowamo, ndipo ikatsekeka mpweya sulowa. Mapaipi ake musadule nokha pofuna kopa wogulitsa, asiyireni odziwa kuchotsa gasi.